Phunziro: Kugula Katundu wa Gulu ndi Kusunga Ubale ndi Otigulitsa

Kwa mlimi payekha, caka ca ulimi cimayamba ndi mvula yoyamba. Kwa kabungwe ka alimi, kopaletivi kapena munda wa sukulu, caka cimayamba pa tsiku limene ndalama za mamembala zicoka m'manja mwa msungicuma kupita kwa wogulitsa mbeu ndi feteleza. Cimene calakwika pa tsikulo khasu silingacikonze. Mbeu yabodza siibereka ngakhale muipalire katatu, ndipo feteleza wofika mu Januwale sabweza masabata amene cimanga cakhala cikufota ndi njala.

Wogulira gulu wanyamula thukuta la mabanja ambiri. Ena anagulitsa mbuzi, ena anagulitsa nshawa zimene akanadya, kuti apeze ndalama yosonkha. N'cifukwa cake phunziro lino laima pa mfundo imodzi: katundu wa gulu asagulidwe ndi munthu mmodzi yekha, ndipo pasakhale cogulidwa cimene sicinalembedwe. Tiyenda nanu kuyambira pa kuwerenga zosowa kufikira pa kutseka mabuku.

1. Yambani ndi kuwerenga zosowa

Magulu ambiri amayamba ndi funso lakuti, tili ndi ndalama zingati? Funso loyenera kutsogola ndi lakuti, tifuna ciani, cocuruka bwanji, ndipo cifike liti? Komiti ikhale pansi ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, ilembe dzina la membala aliyense, kukula kwa munda wake ndi mbeu imene afuna kubzala.

Tiyerekeze kabungwe ka mamembala 40, aliyense wolima malima awiri a cimanga. Lima imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, conco malima 80 ndiwo mahekitala 20. Potsata uphungu umene alimi ambiri amaudziwa, wa thumba limodzi la Compound D, thumba limodzi la Urea ndi makilogalamu 5 a mbeu pa lima, gulu lifunika matumba 80 a feteleza wokulitsa, matumba 80 a wobereketsa ndi makilogalamu 400 a mbeu. Matumba 160 a makilogalamu 50 ndiwo matani 8. Ciwerengero cimeneci cikuuzani kale ukulu wa galimoto yofunika ndi malo osungiramo amene muyenera kukonza.

Mamembala amene amalandira zipangizo za FISP, nchito ya Boma imene inayamba mu 2002 ndi dzina la Fertiliser Support Programme, acotsereni zimene akuyembekeza kulandira, ndipo gulu ligule zotsalazo.

Polemba zosowa, lembani mwacindunji. Mau akuti "mbeu ya cimanga" sakwanira. Lembani dzina la mtundu wake, ngati ndi yocedwa kapena yofulumira kuca, ndi ukulu wa paketi. Cilala ca nyengo ya 2023/2024, cimene Boma linacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024, cinaonetsa kuopsa kwa kuika ndalama zonse pa mbeu ya mtundu umodzi. Gulu lanzeru limagawa ndalama zake pakati pa cimanga cofulumira, capakati, ndi mbeu zina monga nshawa, nyemba za soya kapena mpendadzuwa. Za mitundu yoyenerana ndi dera lino funsani alangizi. Iwo amalandira uphungu wocokera ku malo ofufuza zaulimi a Msekera ku Chipata.

2. Gulani pa nthawi yake

Ndalama imakhala m'manja mwa mlimi pakati pa Juni ndi Ogasiti, pamene wagulitsa zokolola. Imeneyo ndiyo nthawi yosonkha. Gulu likayembekeza kufikira Novembala, limapeza kuti ndalama zapita ku zina, masitolo adzaza ndi ogula, mbeu zabwino zatha, eni magalimoto akweza mitengo, ndipo mvula ikagwa misewu ya kumidzi siipitika. Wogula mofulumizidwa alibe mphamvu yokambirana mtengo kapena yokana katundu woipa. Amatenga cimene wapeza.

Conco tikulangiza kuti ndandanda ya zosowa ithe mu Julayi, mitengo ifunsidwe mu Ogasiti, ndipo katundu akhale m'nyumba yosungiramo Okutobala asanathe. Mankhwala a mbozi ya fall armyworm, imene inalowa m'dziko lathu kumapeto kwa 2016, aikeni pa ndandanda yomweyo, cifukwa mboziyo ikaoneka m'munda siyembekeza msonkhano wa komiti.

3. Mdziweni wogulitsa musanampatse ndalama

Nyengo ya kubzala ikayandikira, masitolo a zaulimi amamera ngati bowa, ndipo ena amatha pamodzi ndi mvula. Akulu anati safunsa anadya phula. Musanalembe dzina la wamalonda pa ndandanda ya amene mungagule kwa iwo, tumizani anthu awiri akaone sitolo yake ndi kufunsa zinthu izi.

Kodi malonda ake ndi olembetsedwa ku PACRA, ndipo ali ndi nambala ya msonkho ya TPIN yocokera ku ZRA? Ngati agulitsa mbeu, kodi ali ndi cilolezo ca Seed Control and Certification Institute, bungwe la Boma loyesa ndi kubvomereza mbeu, limene likulu lake lili ku Mount Makulu ku Chilanga? Ngati agulitsa mankhwala ophera tizilombo ndi udzu, kodi ali ndi cilolezo ca ZEMA? Kodi sikelo yake ili ndi cizindikiro ca Zambia Metrology Agency coonetsa kuti inayesedwa? Wamalonda woona sakwiya ndi mafunso otere. Kawirikawiri zikalata zake zimakhala zopacikidwa pa khoma poonekera.

Yang'ananinso mmene amasungira katundu. Mbeu younjikidwa padzuwa pakhonde la sitolo imafooka mphamvu ya kumera. Feteleza wogona pa simenti yonyowa amaundana. Pomaliza, funsani magulu ena amene anagulako kwa iye caka catha: kodi anabweretsa pa tsiku limene analonjeza, nanga pamene panapezeka colakwika anacita ciani?

4. Funsani mitengo kwa amalonda atatu

Pa katundu wa ndalama zambiri, pezani mitengo yolembedwa, imene amalonda amaicha kotesheni, kucokera kwa anthu osacepera atatu. Onse apatsidwe ndandanda yofanana ndi tsiku limodzi lobwezera yankho. Makalata ao atsegulidwe pamaso pa komiti yonse, ndipo mtengo wa wina usaululidwe kwa mnzake tsikulo lisanafike.

Poyerekeza, musayang'ane mtengo wa pa thumba wokha. Werengani zonse zimene gulu lidzalipira kufikira katundu atalowa m'nyumba yanu yosungiramo. Nazi ziwerengero zongoyerekeza. Wamalonda woyamba agulitsa thumba pa K950, koma mukatenge nokha ku tauni. Waciwiri agulitsa pa K980, ndipo adzakutulirani pakhomo. Pa matumba 160, woyamba afuna K152,000. Mukaonjezapo K6,000 ya galimoto ndi K800 ya okweza ndi otsitsa, zonse ndi K158,800. Waciwiri afuna K156,800. Amene anaoneka wodula ndiye wochipa ndi K2,000, ndiponso thumba likang'ambika panjira, mlandu ndi wake.

Yerekezaninso mphamvu ya katundu. Manambala olembedwa pa thumba la feteleza amanena cakudya ca mbeu cimene cili m'katimo. Compound D imalembedwa 10-20-10. Urea ili ndi magawo 46 pa 100 a nayitrojeni, kutanthauza makilogalamu 23 m'thumba la makilogalamu 50. CAN ya magawo 27 pa 100 ili ndi makilogalamu 13 ndi theka okha. Kuti gulu lathu lija lipeze nayitrojeni wofanana ndi wa matumba 80 a Urea, lifunika matumba a CAN okwana ngati 136. Conco thumba la CAN likhoza kutsika mtengo, koma munda wonse n'kudya ndalama zambiri.

Mtengo wotsika kwambiri kuposa wa ena onse ukhale cenjezo kwa inu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali anthu osaona mtima amene amapaka utoto cimanga ca m'nkhokwe ndi kuciika m'mapaketi ooneka ngati a kampani ya mbeu, ndipo ena amasakaniza feteleza ndi mcenga. Komiti ikasankha wogulitsa, mlembi alembe m'buku la misonkhano cifukwa cimene yamusankhira, makamaka ngati si iye wa mtengo wotsikitsitsa.

5. Pangano likhale pa pepala

Mau a pakamwa amauluka ndi mphepo. Wogulitsa akasankhidwa, gulu limpatse kalata ya oda yokhala ndi nambala, yosainidwa ndi akomiti awiri, ndipo kope lake litsale m'buku. M'kalatayo mukhale dzina ndi mtundu wa katundu, kucuruka kwake, mtengo, tsiku ndi malo otulira, amene adzalipira galimoto, tsiku lolipira, ndi cimene cidzacitika katundu akacedwa kapena akapezeka wolakwika.

Cenjerani ndi kulipiriratu ndalama zonse katundu asanafike. Ndalama ikapita, mphamvu yanu yapita nayo. Ngati wogulitsa afuna cikole, cikhale gawo cabe la mtengo, cilembedwe m'pangano, ndipo cotsala ciperekedwe katundu atawerengedwa ndi kubvomerezedwa.

6. Nchito igawidwe m'manja osiyana

Pa kugula kulikonse pali nchito zinai: kupempha, kubvomereza, kulandira ndi kulipira. Nchito zimenezi zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi. Woyang'anira munda kapena mamembala apemphe. Komiti ibvomereze. Wosunga katundu alandire pamodzi ndi mboni. Msungicuma alipire, ndipo ku banki pakhale osainira awiri kapena atatu.

Ena amamva ngati dongosolo lotere ndi kukayikira atsogoleri. Ife tiona kuti limawacinjiriza. Wakumpando amene anapita yekha ku tauni ndi ndalama za gulu, ngakhale akhale wokhulupirika cotani, alibe womuikira umboni pamene manong'onong'o ayamba m'mudzi. Magulu ambiri amapasuka cifukwa ca kukayikirana kumene palibe pepala lakuti likuthetse, ngakhale pamene palibe anaba.

Gulu ligwirizanenso malire a ndalama. Zinthu zing'onozing'ono monga zingwe, misomali ndi mabuku zingagulidwe ndi ndalama ya m'bokosi, malinga risiti ibwere. Zopitirira malire oyamba zifune mitengo itatu ndi cibvomerezo ca komiti. Zikuluzikulu monga cigayo, pampu yothirira kapena ng'ombe zolimira zipite ku msonkhano wa mamembala onse. Ndipo pasakhale kuduladula oda yaikulu kukhala tizidutswa n'colinga cozemba malirewo.

7. Tsiku lolandira katundu

Pa tsiku limeneli ndi pamene ndalama zambiri zimatayika mosaoneka. Galimoto isatsitse usiku, ndipo dalaivala asakufulumizitseni. Wosunga katundu akhale ndi kope la oda m'manja, mamembala awiri aimirire ngati mboni, ndipo thumba lililonse liwerengedwe potsika.

Sankhani matumba angapo, ena a pamwamba, ena a pakati, ena a pansi, muwaike pa sikelo. Kupereweraku kungaoneke kocepa, koma pa matumba 160, makilogalamu awiri osowa m'thumba lililonse ndiwo makilogalamu 320, kuposa matumba 6 athunthu. Onani ngati msoko wa thumba ndi wa ku fakitale kapena wasokedwanso, ndipo ligwireni kuti mumve ngati feteleza waundana.

Pa mbeu, onani cikalata ca pa paketi coonetsa dzina la mtundu, nambala ya gulu la mbeuyo ndi tsiku limene inayesedwa. Lembani manambalawo m'buku, ndipo sungani mapaketi ena opanda kanthu kufikira kukolola, pakuti ndiwo umboni wanu pakabuka mlandu. Musanagawire mamembala, yesani kameredwe. Tengani njere 100, muziyale pa saka lonyowa, mulipinde ndi kulisunga pamthunzi, mukumaliwaza madzi tsiku ndi tsiku. Pakatha masiku 7 werengani zimene zamera. Cimanga cabwino ca mbeu cimamera njere 90 kapena kuposapo. Zikacepa kwambiri, bwererani kwa wogulitsa msanga ndipo dziwitsani mlangizi. Apa mpamene phindu la kugula mu Okutobala limaonekera: nthawi yobweza ndi kusintha ikadalipo.

Pa mankhwala, onani tsiku lothera mphamvu, cidindo ca pa cibvundikiro ndi malangizo olembedwa pa botolo. Musalandire mankhwala othiridwa m'botolo la cakumwa kapena opanda cikalata.

Zonse zosowa, zong'ambika kapena zokanidwa zilembedwe pa pepala lotulira katundu dalaivala asanacoke, ndipo iyenso asaine. Kusaina pepala musanawerenge ndiko kubvomera kulipira zimene simunalandire. Mukatero, sanjani matumba pa mitengo kuti asakhudze pansi kapena khoma. Mbeu ikhale payokha, mankhwala akhale kokhoma, kutali ndi cakudya ndi ana. Wosunga katundu alembe cilowa ndi cituruka ciliconse, ndipo membala aliyense asaine polandira gawo lake.

8. Kulipira ndi kusunga mapepala

Msungicuma asanalipire, aike mapepala atatu pa tebulo: oda ya gulu, pepala lolandirira katundu ndi invoisi ya wogulitsa. Dzina la katundu, kucuruka kwake ndi mtengo zifanane pa onse atatu. Pakakhala kusiyana, malipiro aime kufikira nkhaniyo itamveka.

Lipirani kudzera ku banki kapena ku nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina la sitoloyo, osati ya wanchito wake. Mukalandira uthenga wa pa foni wonena kuti nambala yolipirira yasintha, musatumize kanthu musanalankhule ndi mwini sitolo pa nambala imene mumaidziwa kale. Invoisi yolipiridwa ilembedwe mau akuti "yalipiridwa" ndi tsiku lake, kuti isabwerenso kaciwiri. Mapepala a kugula kumodzi amangidwe pamodzi. Lamulo la makopaletivi la mu 1998 limafuna kuti kopaletivi izisunga mabuku a cuma oti angathe kufufuzidwa, ndipo mamembala ali ndi ufulu womva pa msonkhano wa pacaka mmene ndalama zao zinayendera.

9. Cibale ndi mphatso

M'midzi mwathu aliyense ndi mbale wa wina. Sicolakwika kuti mlamu wa mlembi akhale ndi sitolo, kapena kuti mwana wa wakumpando akhale ndi galimoto yonyamula katundu. Colakwika ndi kubisa. Wa m'komiti amene ali pacibale kapena paubwenzi wa malonda ndi mmodzi wa opikisana anene poyera, zilembedwe, ndipo aturuke panja pamene anzake akusankha. Mbaleyo akapambana mwacilungamo, palibe adzanena kanthu.

Za mphatso, lamulo likhale losabvuta kukumbukira: ciliconse cimene wogulitsa apereka cifukwa ca oda ya gulu ndi ca gulu. Thumba la basela kapena mtengo wocotserako zilowe m'buku. Wamalonda amene alonjeza "kena kake" kwa wogula sataya ndalama yake. Adzaibweza pokweza mtengo kapena pocepetsa muyeso, ndipo olipira adzakhala amai amasiye ndi okalamba a m'gulu lomwelo.

10. Kusunga ubale ndi otigulitsa

Kugula kukatha, ubale usathe. Wogulitsa wabwino ndi cuma ca gulu. Ndiye amene adzakusungirani mbeu pamene yasowa, adzakucenjezani mitengo isanakwere, ndipo adzakusinthirani katundu wolakwika popanda mkangano. Ubale wotere umamangidwa ndi mbali zonse ziwiri. Ngati tifuna kuti iye asunge tsiku lotula, ifenso tisunge tsiku lolipira. Timuuze zosowa zathu nthawi ikadalipo, ndipo tisasinthe oda katundu ali kale pa galimoto. Izi zikhudza makamaka amalonda ang'ono a pafupi nafe, monga kalipentala wokonza ming'oma ya njuci, mwini ngolo wotuta manyowa kapena mai wosoka matumba. Kwa iwo kucedwa kwa malipiro kwa mwezi umodzi ndi njala pakhomo.

Mlembi asunge tsamba la wogulitsa aliyense. Nyengo ikatha, komiti iyankhe mafunso anai pa tsambalo: kodi anafikitsa pa nthawi yake, kodi muyeso unali wokwana, kodi katundu anagwira nchito m'munda, nanga madandaulo anawasamalira bwanji? Makomiti amasintha pa masankho, koma buku limakumbukira. Zotsatira zake muuzeni wogulitsayo, zabwino ndi zoipa zomwe. Wolakwa kamodzi amene wabvomera ndi kukonza apatsidwe mwai wina. Wonama pa muyeso kapena wogulitsa zabodza acotsedwe pa ndandanda.

Pakabuka mkangano, yambani ndi kukambirana, mapepala ali m'manja. Zikakanika, lembani kalata yofotokoza colakwa ndi cimene mufuna kuti cicitike. Zikakanikabe, nkhani ya mbeu ipite kwa alangizi ndi oyang'anira mbeu a Boma, ya sikelo ipite ku Zambia Metrology Agency, ndipo ya cinyengo pa malonda ipite ku Competition and Consumer Protection Commission. Konseko cimene adzayamba kukufunsani ndi risiti.

Ngakhale muli ndi wogulitsa wokhulupirika, musadalire iye yekha. Caka ciliconse funsanibe mitengo kwa ena, kuti mudziwe mmene msika ulili ndi kuti mukhale ndi kothawira iye akalephera. Ndipo ngati gulu lanu ndi laling'ono, lankhulani ndi magulu oyandikana nao kuti muphatikize maoda. Wogula matani 30 amamveredwa mosiyana ndi wogula matumba 30, ndipo galimoto imodzi yodzaza imachipa kuposa zitatu zopita theka.

Nchito ya pa msonkhano wanu wotsatira

Tikupempha kuti phunziro lino liwerengedwe pamaso pa mamembala onse, ndipo mabuku a nyengo yatha akhale pa tebulo. Kambiranani mafunso awa, mlembi alembe mayankho.

1. Pa kugula kwathu kwakukulu kwa caka catha, ndani anapempha, ndani anabvomereza, ndani analandira, ndipo ndani analipira? Kodi pali dzina limene laoneka kawiri?

2. Kodi tingapeze lero oda, pepala lolandirira katundu ndi risiti za kugula kumeneko?

3. Katundu anafika pa tsiku liti, ndipo mamembala anabzala liti?

4. Kodi malire a ndalama zimene komiti ingagwiritse nchito popanda kufunsa mamembala ndi otani, ndipo analembedwa kuti?

5. Ndi amalonda atatu ati amene tidzawafunsa mitengo caka cino, ndipo ndani awiri adzapita kukaona masitolo ao?

Pomaliza msonkhanowo, sankhani tsiku lotsekera ndandanda ya zosowa ndi tsiku lomaliza kusonkha, muwalembe pa cipupa ca nyumba yosungiramo katundu kuti aliyense aziwaona.